Mwaboola pansi pathu, ndiye tionetseni zomwe mwatulutsa

Sitima ya malasha yochokera ku Moatize imalowa m'Malawi kudzera ku Chikwawa, m'dera la Chapananga, n'kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya, kenako uyo waku doko la Nacala. Mabogi ake ndi ambiri moti mwana akayamba kuwerenga amatopa asanafike kumchira. Tonse timangoti ndi malasha, basi. Koma chomwe chadzaza m'mabogimo ndi nkhalango. Ndi masamba, makungwa ndi mizu ya mitengo yomwe inamera m'madambo zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, kunja kuno kulibe munthu, kulibe ng'ombe, ngakhale madainoso asanayambe kuyenda. Mtengo wotchuka wa nthawi imeneyo asayansi amautcha Glossopteris. Masamba ake ndi ooneka ngati lilime, ndipo anadindika m'miyala ya ku Tete, ku South Africa, ku India mpaka ku Antarctica.

Miyala imeneyi, yomwe akatswiri amaitcha Karoo, sinaime pa boda kudikira kuti idinditse pasipoti. Inalowa mpaka kwathu kuno. Ili pansi pa Lengwe, ili pansi pa Mwabvi. Boma likudziwa zimenezi kuyambira nthawi ya atsamunda. Frank Dixey, yemwe ankatsogolera nthambi yofufuza za miyala ya Nyasaland kuyambira 1921 mpaka 1939, anayenda m'chigwa muno n'kulemba za malasha ake. Mu 1963 nthambi yomweyo inatulutsa buku la F. Habgood lofotokoza miyala ya kumadzulo kwa Shire, pakati pa Chikwawa ndi Chiromo. Lero mukatsegula mabuku a boma okopa anthu odzaika ndalama m'migodi, mupeza atalemba kuti ku Mwabvi kuli malasha okwana matani 4.7 miliyoni.

Nambala ngati imeneyo sichokera kumaloto. Kuti munthu anene kuti pansi apa pali matani akutiakuti, ndiye kuti wina anabwera ndi makina n'kuboola.

Ndifotokoze pang'ono za kuboolaku, chifukwa mkangano wanga wonse wagona pomwepa. Kampani yofufuza malasha kapena miyala ina siboola ngati amijigo, omwe amangopera mwala n'kuutulutsa uli fumbi. Chitsulo chake n'chamhako ngati nsungwi, ndipo mano ake ndi a dayamondi. Chikamalowa pansi chimadula mwala wobulungira, wautali, wonenepa ngati nzimbe yaikulu kapena mkono wa munthu. Amautulutsa zidutswazidutswa n'kumaundanda m'mabokosi motsatana, kulemba kuti apa ndi mamita 40, apa 41, apa 42, mpaka mazanamazana. Ogwira ntchitoyi amautcha core. Mwala wa pamwamba ndi wa posachedwa, wa pansi ndi wakale, ndiye ukayenda m'mbali mwa mabokosiwo uli ngati ukuwerenga buku kuyambira kumapeto kubwerera koyambirira. Apa panali mtsinje wa mchenga. Apa panali dambo. Apa nyanja inaphwa, nthaka inafiira, kunagwa chilala cha zaka zikwizikwi.

Kampani imafuna tsamba limodzi lokha la buku limeneli, la malasha. Ikayeza kuchindikala kwake ndi kuchuluka kwa phulusa lake, yathana nazo. Masamba ena onsewo kwa iyo ndi katundu wongodya malo ndi lendi. Koma kwa katswiri wa zamoyo zakalekale, amene amawerenga mafupa, masamba ndi zigoba zomwe zinasanduka mwala, chuma chili m'masamba otayidwawo. M'kachidutswa ka mwala wakuda kochepa ngati sopo wa m'hotela mumakhala mungu wa zomera zakale wosawerengeka. Akausungunula ndi asidi n'kuuika pa maikulosikopu, amatha kunena kuti mwala uwu ndi wa nthawi yakuti, kunkamera zakuti, mvula inkagwa motere.

Tsopano tayang'anani mapu a dziko lathu. Chilichonse chomwe Malawi amanyadira pa nkhaniyi chinachokera kumpoto. Malawisaurus, dainoso wa khosi lalitali uja, ndi wa ku Karonga: mafupa ake anafotokozedwa koyamba ndi Sidney Haughton mu 1928, ndipo dzina lomwe tikulidziwali anamupatsa ndi Louis Jacobs ndi anzake mu 1993. Dr. Elizabeth Gomani Chindebvu, Mmalawi mnzathu, anatchula Malawisuchus mu 1997 ndi Karongasaurus mu 2005, zonse za ku Karonga. Chibwano cha munthu wakale wa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni chinapezeka ku Uraha mu 1991, ku Karonga komweko. Ku Chiweta, m'boma la Rumphi, kwatuluka zigaza za nyama zomwe zinakhalako madainoso asanabwere. Nanga ku Chikwawa ndi Nsanje? Tchulani nyama imodzi yokha yakalekale yomwe mwana wa sukulu amaidziwa kuti inafukulidwa kuchigwa. Ndikudikira.

Sikuti Mulungu anatimana. Vuto ndi loti kumpoto mvula inakokolola mapiri n'kusiya miyala yakale poyera, pomwe kuno mbali yaikulu ya chigwa inakwiririka ndi dothi lomwe Shire, Mwanza, Ruo ndi mitsinje ina yakhala ikuthira chaka ndi chaka. Pomwe miyala ya Karoo ikuonekera ndi kumadzulo, kuthengo la Lengwe ndi Mwabvi, kotentha, kovuta kufikako. Mphunzitsi wa pa yunivesite amene ndalama yake ya kafukufuku sikwana n'komwe mafuta a galimoto ochokera ku Zomba kukafika ku Bangula n'kubwerera, sangaboole ngakhale mamita khumi. Amene ali ndi maso oona pansi pa chigwa chino ndi makampani okha: a malasha, a mafuta, omanga misewu ndi ngalande, oboola mijigo. Mu 2013 boma linapereka chilolezo chofufuza mafuta m'chigawo chomwe amachitcha Block 6, chomwe ndi chigwa chathu chomwechi. Aliyense wa anthu amenewa akabwera amaona kanthu, amalemba kanthu. Funso langa ndi loti zolembazo ndi miyalayo zimathera m'manja mwa ndani.

Ndikudziwa yankho la abwana a kampani, ndipo silopusa. Amati kuboola n'kodula, ndalama ndi zathu, ndiye tikaulula zomwe tapeza mpikisano wathu adzadyerapo osatuluka thukuta. Chabwino. Palibe akunena kuti kampani iike pa Facebook kuchuluka kwa malasha ake laisensi ikadali m'manja. Koma chinsinsi chili ndi malire ake. Mungu wa zaka 260 miliyoni sutsitsa mtengo wa masheya a munthu. Ndipo kampani ikabweza laisensi n'kunyamuka, chinsinsicho chikuteteza ndani? Mabokosi a core akasiyidwa pamtetete, dzuwa la ku Ngabu silichedwa kufufuta manambala, chiswe chimadya matabwa, ana amatola miyala ija n'kumagenda nayo mbalame. Zikatero buku lomwe linadya madola ankhaninkhani kuti lituluke pansi lasanduka mulu wa miyala yopanda dzina.

Pali nkhani ina yomwe aliyense wokonda kubisa data ayenera kuimva. Mu 1978, Glen Penfield, katswiri yemwe ankagwira ntchito ya kampani ya mafuta ya boma la Mexico, Pemex, anaona pa zoyeza zake chinthu chozungulira, chachikulu zedi, chokwiririka pansi pa Yucatán. Mu 1980 Luis Alvarez, mwana wake Walter ndi anzawo analengeza kuti madainoso anaphedwa ndi chimwala chochokera kumwamba, ndipo asayansi a m'mayunivesite anayamba kusakasaka dzenje lomwe chinasiya. Penfield ndi mnzake Antonio Camargo anakamba za chozungulira chawo chija pa msonkhano wa akatswiri a zofufuza mafuta mu 1981, koma zambiri zinali chinsinsi cha kampani, ndipo a m'mayunivesite sanamve. Zinatengera mtolankhani, Carlos Byars, kuti alumikize Penfield ndi Alan Hildebrand, ndipo mu 1991 m'pomwe dziko linadziwa za dzenje la Chicxulub, lotambalala makilomita pafupifupi 180, la zaka 66 miliyoni. Umboni wina unachokera m'miyala yomwe Pemex inaboola kalekale ikufuna mafuta. Zaka khumi zathunthu anthu ankafunafuna yankho lomwe linali m'kabati ya kampani. Ngati zinachitika ku Mexico ndi America, kwa anthu a malaibulale ndi ndalama zawo, kuli bwanji kuno?

Sitikufunikanso kupita kutali choncho. Tsidya linali, ku Tete, akatswiri a ku Portugal ndi a ku yunivesite ya Eduardo Mondlane anapatsidwa mwayi wotapa zidutswa pa core yomwe inabooledwa pofufuza malasha m'dera la Moatize ndi Minjova. Mu 2016, Zélia Pereira, Lopo Vasconcelos ndi anzawo anafalitsa zomwe anapeza mu mungu wa m'miyalayo: malire a nthawi ziwiri zotchedwa Permian ndi Triassic. Pamalire amenewa, zaka 252 miliyoni zapitazo, m'pomwe zamoyo zinafa kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse m'mbiri ya dziko lapansi, kutsatira kuphulika kwa mapiri a moto ku Siberia komwe kunatenthetsa dziko koopsa. Anthu a m'chigwa chomwe chinaona Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 safunika kuwanyengerera kuti amvetse kufunika kodziwa zomwe zimachitika nyengo ikapenga. Miyala ya ku Moatize ndi ya ku Lengwe ndi pachibale. Zomwe anachita anzathuwo zingatheke kuno, bola wina atsegule chitseko cha shedi.

Kampani nayonso sikuti imangopereka ngati chopereka cha kutchalitchi. Malasha a m'chigwa chong'ambikang'ambika ngati chathu amasowa apa n'kukatulukira uko, ndipo kuti udziwe ngati mzere wa m'dzenje ili ndi womwewo wa m'dzenje lija, mungu ndi umene umakuuza. Makampani a mafuta akhala akulipira akatswiri a tizigoba tating'onoting'ono kwa zaka pafupifupi 100 pa chifukwa chomwechi. Wophunzira wa masters wa ku Zomba kapena wa ku MUST ku Thyolo angawachitire ntchito imeneyi, iye n'kupeza digiri, iwo n'kupeza yankho. Ku Colombia, eni mgodi wa malasha wa Cerrejón analola asayansi kumalowa m'maenje awo, ndipo mu 2009 kunatuluka Titanoboa, njoka ya mamita pafupifupi 13. Mpaka lero dzina la mgodiwo lili m'dzina la njokayo. Malonda aulere oposa amenewa mungawapeze kuti?

Pano ndikumva kale ena mwa inu mukuti, aise, anthu akugona ndi njala ku Makhanga, iwe ukukamba za mafupa? Mafupa amadyedwa?

Sadyedwa. Koma pitani m'midzi ina ya ku Chikwawa mukalawe madzi a pa mjigo. Mchere wokhawokha, moti amayi amausiya mjigo watsopano n'kubwerera kumtsinje komwe kuli ng'ona ndi kolera. Dr. Maurice Monjerezi, yemwe panthawiyo anali ku Chancellor College, ndi anzake anafufuza za mchere umenewu, ndipo anaonetsa kuti umagwirizana ndi mtundu wa miyala yomwe ili pansi komanso ming'alu yake. Ndiye kudziwa kuti mwala uti uli pati, wa nthawi iti, wakuya bwanji, si masewera a anthu okhuta. Ndi kusiyana kwa mjigo wa madzi okoma ndi mjigo wongotayirapo ndalama. Buku lomwe katswiri wa mungu akufuna kuwerenga ndi lomwelo lomwe woboola mjigo akulisowa. Bungwe lililonse likabwera limaboola mwa lokha, n'kupeza mchere womwe lina linaupeza kale mamita 200 kuchokera pomwepo, chifukwa mapepala a woyamba uja ali mu laputopu ya munthu yemwe kontirakiti yake inatha. Ku Karonga, mafupa omwe sadyedwawo anamangitsa nyumba yosungiramo zakale yomwe inatsegulidwa mu 2004, ndipo alendo amaima, amalipira pakhomo, amagona m'tauni. Mwabvi alendo ake ndi owerengeka. Mukuganiza kuti chigaza chimodzi cha nyama ya zaka 255 miliyoni sichingasinthe kanthu?

Koma ndisanamizire kuti olakwa ndi amakampani okha. Anthu ophunzira nawonso ali ndi kaumbombo kawo, ndipo kamanyansa kwambiri chifukwa amakachita atavala gauni. Munthu amatenga zitsanzo za miyala, n'kuzitsekera mu ofesi zaka khumi kudikira tsiku lomwe adzalembe pepala, kuopa kuti mnzake angamutsogolere. Pepala likatuluka lili m'magazini ya kunja yomwe kuti uwerenge nkhani imodzi uyenera kulipira madola omwe kwa wophunzira wa kuno ndi chakudya cha mwezi. Kampani yomwe inamutsegulira shedi samaitumizira ngakhale tsamba limodzi. Mfumu ya mudzi womwe anakumbamo ndiye sitinena. Ndiye mawa akadzagogodanso, adzamutsegulira ndani?

Ndipo mgwirizano wa kampani ndi asayansi ukhoza kukhala wokoma kwa iwo awiri, eni dziko n'kutsala manja ali m'khosi. Mu 1921, ogwira ntchito mu mgodi wa Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe ku Zambia, anafukula chigaza cha munthu wakale. Kampani sinabise, inachita bwino ndithu kuchipereka kwa asayansi. Asayansi ake a ku London. Chigazacho chili komweko mpaka lero, ndipo dziko la Zambia lakhala likuchipempha kwa zaka makumimakumi. Umenewo si mgwirizano womwe ndikuufuna. Womwe ndikuufuna ukufanana ndi wa ku Niassa, komwe akatswiri a ku Mozambique ndi Portugal anagwirira ntchito limodzi, n'kuphunzitsa achinyamata a dzikolo kusema mafupa m'mwala, ndipo mu 2013 kanyama komwe anapeza anakapatsa dzina loti Niassodon mfumukasi. Mwalimva dzinalo? Mfumukazi. Mawu a kwathu ali m'kaundula wa sayansi ya dziko lonse.

Boma ndiye lili ndi mlandu waukulu, chifukwa ndi lomwe lili ndi ndodo. Miyala ya pansi pa dziko lino, malinga ndi malamulo athu, ndi ya Amalawi, kampani imangobwereka mwayi wofufuza. Makampani amapereka kale malipoti ku boma. Tili ndi nthambi yofufuza za miyala ku Zomba. Tinalipirira ndege za Kauniuni zomwe zinauluka dziko lonse kuyeza za pansi, zotsatira zake n'kulengezedwa mu 2015. Tinalowa m'bungwe la EITI chaka chomwecho, kulonjeza kuchita zinthu poyera pa nkhani za migodi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zomwe boma likusunga linayamba kugwira ntchito mu 2020. Pa intaneti pali mapu osonyeza kuti laisensi yakuti ili ndi kampani yakuti, malire ake ndi awa. Zonsezi n'zabwino. Koma mapu amenewo amakuuza mwini munda, sakuuza zomwe anakolola. Chomwe ndikufuna n'choti mtsikana wa chaka chachitatu ku MUBAS, ali ku Nchalo pa holide, atsegule foni yake n'kuona mndandanda wa maenje onse omwe anabooledwa ku Lengwe ndi Mwabvi: chaka chake, kuya kwake, bokosi lake lili shelefu iti, ndipo alembere ndani kuti akalione. Data ya bandulo timaigula tsiku ndi tsiku modandaula. Iyi ndi data yomwe tinalipira kale ndi nthaka yathu.

Anzathu ena anachita kale. Ku South Africa, Council for Geoscience ili ndi nyumba yaikulu yosungiramo core ku Donkerhoek, kufupi ndi Pretoria. Ku Britain, nkhokwe yotereyi ili ku Keyworth. Ku Norway, zomwe makampani a mafuta apeza pansi pa nyanja zimasungidwa malo amodzi ndipo zimatsegulidwa pakapita nthawi yoikika. Palibe kampani inathawa ku Norway chifukwa cha zimenezo. Ife tingaike m'chiphaso chilichonse mawu omveka: laisensi ikatha kapena ikabwezedwa, core ndi zolemba zake zipite ku Zomba pa mtengo wa kampani, ndipo pakatha zaka zingapo aliyense wofuna aone. Wofufuza yemwe watapapo abweze zotsatira zake pamalo omwewo, ndi chidule cha m'Chichewa ndi m'Chisena. Mlendo asatenge chitsanzo popanda wophunzira wa kuno pambali pake.

Palinso china chomwe sichifuna n'komwe lamulo latsopano. Panopa m'chigwa muno mukukumbidwa ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, yoyambira ku Kapichira, yodutsa ku Lengwe, yolinga ku Bangula, yoti idzathirire mahekitala 43,370. Chibadwire chigwa chino sichinang'ambidwepo mzere wautali chonchi. Lamulo lathu loteteza zinthu zakale limati wopeza chinthu chotere anene ku boma, ndipo World Bank, yomwe ikuthandiza ntchitoyi, imafuna kuti pakhale ndondomeko ya zopezeka mwangozi. Pa pepala zonse zilipo. Koma pepala silikhala m'kabini ya ekisikaveta. Mumakhala mnyamata wa ku Dyeratu kapena ku Sorgin, amene akuthamangitsana ndi mamita a tsiku limenelo. Fupa losanduka mwala likatulukira pa mano a makina ake, adzalizindikira? Akalizindikira n'kuimitsa makina, kapitawo adzamuyamikira kapena adzamudula malipiro?

Mu 2011, ku mgodi wa kampani ya Suncor ku Alberta, Canada, woyendetsa makina okumba dzina lake Shawn Funk anaona mwala wa maonekedwe achilendo n'kuima. Abwana ake anaitana a Royal Tyrrell Museum. Chomwe chinatuluka ndi Borealopelta, dainoso wosungika bwino moti khungu ndi mamba ake zikuoneka, ngati wangogona tulo. Funk sanali pulofesa. Anangokhala munthu woti anaonapo zinthu zotere, pa kampani yoti kuimitsa makina sichinali mlandu.

Kuphunzitsa oyendetsa makina ndi oboola mijigo a m'chigwa chino kuzindikira fupa, tsamba kapena mtengo wosanduka mwala ndi ntchito ya tsiku limodzi. Pakufunika munthu mmodzi wa ku nthambi yoona zakale, bokosi la zitsanzo zoti anthu agwire ndi manja, nambala ya WhatsApp yotumizirako chithunzi, ndi kalata yosainidwa ndi bwana wa kampani yonena kuti woimitsa makina pa chifukwa chimenechi tsiku lake lilipidwa lonse. Mtengo wake sungafike n'komwe pa ma alawansi a msonkhano umodzi wa kunyanja wokambirana za tsogolo la migodi. Ngalandeyo ikangowakidwa simenti, makoma ake sitidzawaonanso.